Galu amene sayang'ana mwini wake posewera sadzamumvera pageti

Akonzi,

Ndikupempha malo m'nyuzipepala yanu kuti ndiyankhulepo pa nkhani imene ena angaione ngati yaing'ono, koma imene ikubala milandu yambiri m'madera mwathu, ndiyo ya agalu amene samvera eni ake pamene atengeka ndi chinthu china. Nthawi zonse mwana akalumidwa, kapena wakabaza akagwa chifukwa galu wamuthamangitsa, timamva mawu omwewo akuti galuyo ndi wosamva ndipo mwini wake anamuitana koma sanabwerere. Anthu amalangiza zomumanga pa tcheni, zomukwapula kapena zomupha kumene, ndipo ndi ochepa amene amafunsa ngati galuyo anaphunzitsidwapo kutembenuka n'kuyang'ana mwini wake pa nthawi imene mtima wake uli kwina. Maganizo anga ndi akuti luso limeneli limaphunzitsidwa pa masewera, pabwalo la pakhomo, pamene galu watengeka kwambiri koma palibe amene angavulale, ndipo mwini galu amene sasewera ndi galu wake akutaya mpata wokhawo umene ali nawo woti amuzolowetse kumvera magazi atatentha.

Tiyambe ndi momwe agalu ambiri timawasungira m'matauni mwathu. Galu amatsekeredwa m'khola usana wonse, amamasulidwa usiku anthu akamakagona, ndipo nsima ya madeya amamuponyera ndi mwana kapena wantchito amene alibe naye nkhani ina. Mwini wake amamuyankhula pokhapokha akalakwa, ndipo dzina lake limatchulidwa mokalipa, motsatana ndi mwala kapena nsapato. Pali enanso amene amakhulupirira kuti kumudyetsa tsabola ndi kumubisa kuti asaone anthu kumamusandutsa mlonda wabwino. Galu wosungidwa chotere amazindikira msanga kuti chilichonse chokoma m'moyo wake, kaya ndi kuthamanga, kununkhiza kapena kuthamangitsa nkhuku, chimapezeka kutali ndi mwini wake, ndiponso kuti kumva dzina lake ndi chenjezo loti athawe. Tsiku limene geti lasiyidwa lotsegula, tilibe chifukwa chodabwira tikaona kuti mawu athu sakumubweza.

Chomvetsa chisoni n'chakuti galu amabadwa ali kale ndi mtima wofuna kuyang'ana munthu, ndipo ndife amene timauzimitsa. M'chaka cha 2003, Ádám Miklósi ndi anzake a pa yunivesite ya Eötvös Loránd mumzinda wa Budapest ku Hungary anafalitsa zotsatira za kafukufuku amene anayerekeza agalu ndi mimbulu ya kumaiko ozizira, imene ndiyo makolo a agalu, yomwe inaleredwa ndi anthu kuyambira ili yaing'ono. Agaluwo ndi mimbuluyo anaphunzitsidwa kupeza chakudya chimene chinali m'chotengera, kenaka ofufuzawo anatseka chotengeracho mwanjira yoti chisatseguke. Mimbulu yambiri inapitiriza kulimbana nacho payokha, pamene agalu ambiri, atayesa kwa kanthawi, anatembenuka n'kuyang'ana munthu amene anaima pafupi. M'chaka cha 2015, ofufuza a pa yunivesite ya Azabu ku Japan anapezanso kuti galu ndi mwini wake akamayang'anana kwa nthawi ndithu, m'matupi mwa onse awiri mumachuluka oxytocin, yemwe ndi homoni, kapena kuti timadzi ta m'thupi, timenenso timalimbitsa chikondi pakati pa mayi ndi khanda lake. Ndifulumire kunena kuti izi zikukhudza galu ndi munthu amene amadziwana bwino. Kutong'olera maso galu wachilendo ndi kumuputa, ndipo ana ayenera kuuzidwa zimenezi momveka.

Wina angafunse chifukwa chake ndikulimbikira za masewera, pamene eni agalu ambiri amakhutira galu wawo akamakhala pansi asanapatsidwe mbale. Kukhala pansi pofuna chakudya n'kwabwino, koma kumachitika galu ali wodekha, m'malo amene wawazolowera, popanda chomusokoneza. Ngozi sizichitika pa nthawi yotero. Zimachitika chinthu chikadutsa mothamanga, kaya ndi nkhuku, mbuzi, njinga kapena mwana wochokera kusukulu, ndipo mwa galu mumadzuka chibadwa cha kusaka, chimene chimayamba ndi kuyang'anitsitsa, kenaka kunyang'ama, kuthamangitsa, mpaka kugwira ndi mano. Mpira woponyedwa kapena chingwe chogwedezedwa zimadzutsa chibadwa chomwecho, kusiyana kwake n'kwakuti mpirawo uli m'manja mwa mwini galu, ndipo iye ndi amene angasankhe nthawi yoti uuluke. Apa ndi pamene pali mphamvu yonse ya mwini galu. Katswiri wina wa za khalidwe wa ku America, David Premack, anafotokoza m'chaka cha 1959 kuti chinthu chimene nyama imakonda kuchita chingakhale mphotho ya chinthu chimene sikonda kwambiri kuchita. Makolo athu amachita zomwezi akamauza mwana kuti ayambe watsuka mbale ndipo pambuyo pake apite kumpira. Kwa galu, kuyang'ana mwini wake ndiko kutsuka mbale, ndipo kuthamangira mpira ndiko malipiro ake.

Ntchito imayamba mpira usanatuluke, ndipo imayambira pa dzina. Mwini galu atenge tinthu tating'ono timene galu amakonda, monga usipa wouma wodulidwa pakati kapena tizidutswa ta chiwindi chophika, n'kukhala naye pamalo opanda phokoso nthawi ya chakudya isanakwane. Atchule dzina kamodzi kokha, mwa mawu okoma, ndipo galu akangotembenuza mutu n'kumuyang'ana kumaso, pomwepo anene mawu amodzi achidule, mwachitsanzo “Eya!”, n'kumupatsa kausipa. Mawu amenewa ndi ofunika kuposa momwe amaonekera, chifukwa galu amagwirizanitsa mphotho ndi chimene amachita pa kamphindi komweko, ndipo dzanja likachedwa m'thumba, galu adzaganiza kuti walipidwa chifukwa chonunkhiza pansi kapena kudumpha. Mawu achidulewo amamuuza kuti chimene wachita panopa ndicho cholondola ndipo malipiro akubwera. Galu akapanda kutembenuka, dzinalo lisabwerezedwe kasanu kapena kasanu ndi kamodzi, popeza dzina lobwerezedwabwerezedwa limasanduka phokoso wamba. Ndi bwino kudikira pang'ono, kusendera pafupi kapena kupita pamalo achete kuposa pamenepo. Ngati dzinalo linawonongeka kale ndi zikwapu, palibe choletsa kumupatsa galuyo dzina latsopano, ndipo adzalizolowera m'masiku ochepa.

Galu akayamba kutembenuka mosachedwa, ndi nthawi yotulutsa mpira, ndipo apa ndikufuna kukhalapo pang'ono chifukwa ndi pamene ambiri amalephera kudekha. Mwini galu agwire mpira m'dzanja, atambasulire mkono kumbali, kutali ndi nkhope yake, ndipo angokhala chete. Galu adzayang'anitsitsa mpirawo, makutu ali njo, miyendo yakutsogolo ikupondaponda. Adzadumpha, mwina adzauwa, mwina adzakanda mwendo wa mwini wake, ndipo zonsezi zisamupindulire kanthu, ngakhale mawu omudzudzula. Pakapita kanthawi, galu uja, atasowa chochita, adzaponya diso kunkhope ya mwini wake ngati akufunsa chimene chavuta. Kuyang'ana koyambako kumakhala kwachidule kwambiri, moti munthu wosatchera maso sakuona n'komwe, koma ndiko kumene tikufuna. Pomwepo anene kuti “Eya!” ndipo mpira uuluke. Akabwereza kangapo, mwini galu adzaona kusintha kooneka ndi maso: mpira ukangokwezedwa, galu amauyang'ana kamodzi kenaka n'kubweza maso kunkhope, mchira ukupukusa, chifukwa wazindikira kuti mpira umamasulidwa ndi maso a mwini wake. Kuyambira pamenepo nthawi yodikira iwonjezeredwe pang'onopang'ono, kuchoka pa kuphethira kwa diso kufika pa masekondi awiri, atatu mpaka asanu, ndipo nthawi zina mpira uziponyedwa msanga kuti galu asataye mtima.

Vuto limene limabwera pambuyo pake ndi la galu amene akagwira mpira amathawa nawo n'kukagona pansi pa mtengo. Pamenepa eni ake ambiri amayamba kumuthamangitsa, osadziwa kuti akumuphunzitsa masewera ena okoma kuposa oyamba aja, amene lamulo lake ndi kuthawa munthu. Galu ali ndi miyendo inayi ndipo pa mpikisano umenewu sagonja. Njira yabwino ndiyo kukhala ndi mipira iwiri yofanana. Galu akatola woyamba, mwini wake atulutse wachiwiri, ayambe kuuseweretsa yekha, kuuponya m'mwamba ndi kuuwakha, kapenanso kuthamanga nawo molowera kwina. Galu sachedwa kuona kuti mpira umene uli m'kamwa mwake ndi wakufa pamene wa m'manja mwa mwini wake ndi wamoyo, ndipo amabwera yekha n'kulavula woyamba uja. Akalavula, adikiridwe kuti ayang'ane kumaso, kenaka wachiwiri uponyedwe mbali ina. Mipira yake ikhale yaikulu moti siingamezeke, ndipo mipira imene ana amakulunga ndi majumbo isagwiritsidwe ntchito, popeza pulasitiki ikamezedwa imatha kutseka matumbo. Ndodo nazonso n'zoopsa, chifukwa zimabaya kukhosi galu akazithamangira zitaima. Kwa amene akugula mpira, ndi bwino kudziwa kuti maso a galu amasiyanitsa bwino mtundu wa buluu ndi wachikasu, pamene mpira wofiira pa udzu wobiriwira amavutika kuuona.

Masewera amene ine ndimawaona kuti amaposa onse pa nkhani imeneyi ndi okokana chingwe, chifukwa sangachitike popanda munthu. Mpira galu angathe kuuseweretsa yekha, koma chingwe chimene palibe akuchikoka mbali inayo chilibe kukoma kulikonse. Chingwe cholimba cha khonje chomangidwa mfundo, kapena nsalu yakale yopotedwa bwino, n'zokwanira, bola zikhale zazitali kuti mano akhale kutali ndi zala. Malamulo ake ndi ochepa koma sayenera kusweka. Galu asagwire chingwe asanauzidwe kuti “Tenga!”, ndipo mawu amenewa azibwera pokhapokha atayang'ana kumaso. Akakokana kwa kanthawi, mwini galu aleke kukoka, akanikize chingwecho pabondo lake kuti chisagwedezeke n'komwe, n'kudikira. Chingwe chikafa chotero galu amatopa nacho n'kutsegula kamwa, ndipo pa kamphindi komweko anene kuti “Eya!” n'kuyambitsanso masewera. Pambuyo pake mawu akuti “Siya!” aziyamba kunenedwa chingwe chisanaimitsidwe, mpaka galu azisiya atangomva mawuwo. Chimene galu akuphunzira apa n'chakuti kusiya chinthu sikutanthauza kuchitaya, popeza kusiyako ndi kumene kumabweretsanso masewera. Dzino likangokhudza khungu la munthu, ngakhale mwangozi, masewera athe pomwepo, chingwe chibisidwe kwa mphindi imodzi kapena ziwiri, popanda kumenya kapena kukalipa.

Ndikudziwa kuti pali anthu, ena mwa iwo ophunzitsa agalu kumene, amene amaletsa masewera okokana ponena kuti galu akapambana amayamba kudziona ngati ndiye bwana wa pakhomo. Maganizo amenewa anachokera ku chiphunzitso chakale chonena za mimbulu yolimbirana ufumu, chimene ngakhale katswiri wa mimbulu David Mech, yemwe anathandiza kuchifalitsa, anadzachikana m'chaka cha 1999 ataona kuti gulu la mimbulu ya kutchire kwenikweni ndi banja la makolo ndi ana awo. Komanso m'chaka cha 2002, Nicola Rooney ndi John Bradshaw a ku England anayesa nkhaniyi pa agalu a mtundu wa golden retriever, powalola kupambana pa masewera ena ndi kuwagonjetsa pa ena. Sanapeze umboni woti kupambana kumasintha ubale wa galu ndi munthu pa nkhani ya ulamuliro, ndipo agaluwo anaonetsa chidwi chachikulu pa munthu atatha kusewera naye, kaya anapambana kapena anagonja. Choncho mwini galu asaope kumulekera chingwe nthawi zina. Galu amene akusangalala ndi masewerawo amathamanga nacho pang'ono kenaka n'kubwera kudzachikankhira m'manja mwa mwini wake kuti ayambirenso, ndipo palibe chizindikiro china chosonyeza bwino kuposa chimenechi kuti galuyo waona kuti kukoma kuli mwa munthuyo.

Chovuta kwambiri, chimenenso chili chofunika kuposa zonse, ndi kuitana galu kuti achoke pakati pa chinthu chimene chamukomera, monga kusewera ndi galu mnzake. Ambiri timaitana galu pokhapokha tikafuna kumutsekera m'khola, kumusambitsa kapena kumumanga, ndipo galu, amene sapusa, amadziwa kuti mawu akuti “Bwera!” amatanthauza kutha kwa chisangalalo. Pofuna kusintha zimenezi, mwini galu azimuitana pakati pa masewera, amugwire kolala pang'ono, amupatse kausipa, kenaka amuuze kuti “Pita!” n'kumulola kubwerera kwa mnzake uja. Pa maulendo ambiri amene waitanidwa, ulendo umodzi wokha ndi umene uzithera kukhola, ndipo ngakhale pamenepo apezeko chakudya chake. Poyamba aziitanidwa pamene masewera aima pang'ono, agalu akupuma kapena akudzikutumula, chifukwa kuitana galu ali pakati pa kugubuduzana ndi kungowononga mawu. Ndi bwinonso kumumangirira chingwe chachitali, cha mamita khumi kapena kuposerapo, chimene chizikhwekhwereka pansi, kuti akapanda kumva mwini wake achiponde n'kumuyandikira modekha m'malo momuthamangitsa. Galu amene wabwera, ngakhale mochedwa motani, asamenyedwe, popeza m'maganizo mwake chilangocho chidzakhala cha kubwerako, ndipo ulendo wina adzachedwa koposa.

Galu amene akumvera bwino kuseri kwa nyumba sanafike pomaliza, chifukwa agalu sasamutsa msanga zimene aphunzira pamalo amodzi kupita nazo pamalo ena. Masewera omwewo ayenera kubwerezedwa kukhonde, pafupi ndi geti, panjira, ndi pabwalo la mpira pamene anthu ali ochepa. Pa nkhani ya nkhuku, imene yadanitsa anthu ambiri oyandikana nyumba mpaka kukafika kwa amfumu, chinsinsi chake ndi mtunda. Pali mtunda umene galu amaiona nkhuku koma akadali wokhoza kumva dzina lake ndi kulandira chakudya, ndipo pali mtunda umene thupi lake limauma, kamwa limatsekeka, maso sasunthanso, ndipo ngakhale chiwindi chitaikidwa pamphuno sachiona. Maphunziro amatheka pa mtunda woyambawo basi. Mwini galu asewere naye chingwe pamenepo, nkhuku zikuoneka patali, ndipo azisendera pafupi pang'ono pa masiku otsatira. Galu akauma thupi, ndiye kuti afulumira kuyandikira, ndipo abwerere m'mbuyo popanda kukwiya.

Nthawi ya masewera ikhale yaifupi, mphindi zitatu mpaka zisanu zikwanira, kawiri kapena katatu pa tsiku, ndipo azileka galu akadafunabe. Mpira ndi chingwe zisamasiyidwe pabwalo, zizisungidwa m'nyumba kuti zizituluka ndi mwini wake. M'miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala, makamaka kuchigwa cha Shire ndi m'mphepete mwa nyanja, masewera achitike m'mamawa kapena dzuwa litapendeka, madzi ali pafupi, popeza galu amadziziziritsa makamaka popuma wefuwefu ndipo galu wokonda mpira amatha kuthamanga mpaka kukomoka. Galu wodwala, wodzala nkhupakupa kapena njoka za m'mimba, sangaike mtima pa chilichonse, ndipo woteroyo ayambe waonedwa ndi alangizi a ziweto.

M'mera mpoyamba, ndipo kafukufuku wa John Paul Scott ndi John Fuller ku Bar Harbor m'dziko la America, amene zotsatira zake zinatuluka m'chaka cha 1965, anaonetsa kuti nyengo ya kuyambira masabata atatu mpaka pafupifupi 12 ndi imene kagalu kamazolowera anthu mosavuta. N'chifukwa chake zimandidetsa nkhawa kuona tiagalu tikugulitsidwa m'mphepete mwa misewu ya mizinda yathu titanyamulidwa m'mwamba padzuwa, tambiri tisanakwanitse masabata asanu ndi atatu amene kagalu kayenera kukhala ndi make, kenaka n'kukatsekeredwa m'khola pa nyengo yomwe kanayenera kudziwana ndi anthu. Izi sizikutanthauza kuti galu wamkulu sangaphunzire, amaphunzira ndithu, kungoti zimatenga nthawi yotalikirapo. Eni agalu adziwenso kuti pali msinkhu umene galu amene ankamvera bwino amayamba kuchita ngati sakumva. Ofufuza otsogoleredwa ndi Lucy Asher wa pa yunivesite ya Newcastle anafalitsa m'chaka cha 2020 kuti agalu a miyezi isanu ndi itatu ankanyozera kwambiri lamulo loti akhale pansi likachokera kwa owasamalira kusiyana ndi pamene anali ndi miyezi isanu, ndipo vutoli linachepa atakula. Agalu ambiri amamangidwa pa tcheni moyo wawo wonse chifukwa cha nyengo imeneyi, pamene chimene chinkafunika ndi kubwerera ku chingwe chachitali ndi masewera osavuta kwa miyezi ingapo.

Zimene ndikunenazi si zachilendo kwenikweni kwa ife. Aliyense amene anaonapo mlenje wa kumudzi akuyenda ndi agalu ake akudziwa kuti agaluwo alibe tcheni kapena kolala, komabe amathamanga patsogolo n'kumatembenuka kawirikawiri kuti aone kumene mwini wawo walowera, ndipo likhweru limodzi limawasonkhanitsa. Mlenjeyo sanawerengepo za Premack, koma agalu ake amadziwa kuti kusaka kumayamba iye akanyamuka ndipo gawo lawo la nyama limachokera m'manja mwake. Nawonso agalu apolisi amene amanunkhiza katundu m'mabwalo a ndege m'maiko ambiri amagwira ntchito yonseyo pofuna mpira kapena chokokana chimene chili m'thumba la wowayendetsa. Galu wa m'tauni amene sapita kosaka alibe ntchito imene amagwira limodzi ndi mwini wake, ndipo masewera ndi amene angatseke mpata umenewo.

Chodandaula chimene ndimachimva kawirikawiri n'chakuti galu woseweretsedwa amafatsa ndipo salondanso pakhomo. Ndikumvetsa nkhawa imeneyi, chifukwa ambiri timasunga agalu poopa akuba, ndipo chakudya cha galu si chotchipa masiku ano. Koma galu amauwa mlendo usiku chifukwa cha chibadwa chake choteteza malo amene amakhala, ndipo kusewera ndi mwini wake masana sikuchotsa chibadwa chimenecho. Ntchito yaikulu ya galu wa pakhomo ndi kudzutsa anthu, ndipo amene amalumidwa ndi agalu olusa nthawi zambiri si akuba, koma ana a pakhomo pomwepo, ana a oyandikana nawo, owerenga mamita a madzi ndi alendo amene abwera masana. Mlonda amene mwini wake sangathe kumuletsa ndi mawu ndi chiopsezo kwa banja lomwe akulilondera, ndipo ndalama zolipira kuchipatala ndi kumlandu zimatuluka m'thumba la mwini galu yemweyo.

Pa za ana ndiyenera kuwonjezerapo mawu, popeza m'makomo ambiri ndi iwo amene amasewera ndi agalu. Masewera othamangitsana, pamene mwana akuthawa akukuwa galu ali pambuyo, amaphunzitsa galu kuti mwana wothamanga ndi chinthu chogwira, ndipo ayenera kuletsedwa. Mwana wamkulupo angathe kuphunzitsidwa kudikira maso a galu asanaponye mpira, ndipo ana amachigwira msanga chimenechi kuposa akuluakulu, koma kukokana chingwe ndi galu wamkulu kukhale kwa akuluakulu okha. Ana onse adziwe kuti galu akatengeka n'kuyamba kuwadumphira, aime chilili, manja atawapinda pachifuwa, maso atayang'ana kumbali, mpaka galuyo atatopa nawo. Banja lonse ligwirizane pa mawu amodzimodzi, chifukwa bambo akamati “Siya!”, mayi akuti “Leka!”, ana akuti “Taya!”, galu sangadziwe chimene chikufunika.

Nkhaniyi ikukhudzanso matenda a chiwewe. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse, ambiri mwa iwo ku Africa ndi ku Asia, ndipo pafupifupi onse amachitenga kwa agalu. Akatswiri amati kubaya katemera agalu 70 mwa 100 alionse m'dera kumadula kufala kwa matendawa, ndipo m'chaka cha 2015 bungwe la Mission Rabies linabaya agalu oposa 35,000 mumzinda wa Blantyre m'masiku 20 ogwira ntchito. Amene anaimapo pa mzere wa katemera wa agalu aonapo anyamata akukoka agalu ndi waya kapena luzi, agaluwo akukana ndi miyendo yonse inayi, ndipo akudziwanso kuti agalu ena safika n'komwe chifukwa palibe munthu pakhomo amene angawagwire. Galu amene anazolowera kubwera akaitanidwa, kugwiridwa kolala ndi kuyang'ana mwini wake pakati pa agalu ena amafika pamalo a katemera akuyenda yekha, ndipo jakisoni amalowa iye maso ali pa kausipa. Maphunziro sateteza galu ku chiwewe, katemera yekha ndi amene amateteza, ndipo wolumidwa aliyense atsuke bala ndi sopo ndi madzi kwa mphindi 15 n'kuthamangira kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale galuyo akhale wodziwika.

Pempho langa likupita kwa alangizi a ziweto ndi mabungwe osamalira nyama monga LSPCA ku Lilongwe ndi BSPCA ku Blantyre, kuti pamene asonkhanitsa anthu pa katemera, makamaka pa tsiku lokumbukira chiwewe la pa 28 Sepitembala, apatule mphindi zochepa kuonetsa eni agalu amene akudikira pa mzere momwe angadikirire maso a galu asanaponye mpira, ndi momwe angaphunzitsire mawu akuti “Siya!” pogwiritsa ntchito chingwe. N'zosavuta kuzimvetsa munthu akaziona ndi maso kusiyana ndi kuziwerenga. Kwa inu Akonzi, ndikupempha kuti pa tsamba lanu la ulimi ndi ziweto, pamene mumalemba za nkhuku, mbuzi ndi ng'ombe, muzipatulako malo a mafunso okhudza agalu, ndipo muziitana dokotala wa ziweto kuti aziwayankha m'Chichewa.

Ine wanu,
Woweta agalu,
Zomba